Chimene Ankhoswe Anaiwala Kugawa

Anthu inu, munayamba mwatukwanidwapo chifukwa cha chakudya chimene simunaphike?

Ine zandionekera sabata ino, ku Cuamba, masanasana, anthu akuona.

Ndinapita kuchipatala kukaonetsa masowa. Potuluka njala inandigwira, ndiye ndinalowa pa kanyumba kena kodyera kufupi ndi siteshoni, paja pamagona anthu odikira sitima ya ku Nampula. Ndangokhala pansi, ndisanapemphe ndi madzi omwe, kukhitchini kunatuluka mayi wina wathupi, akupukuta manja pa kapulana, chitenje chathu cha kuno. Kundiyang'ana. Kuyang'ana pa shelefu. Kundiyang'ananso.

"Epa! Ndinu! Ndinu agogo a pa botolo!"

Ine ndiye kukonza duku, kumwetulira. Pajatu ndinazolowera. Kwa inu amene simundidziwa bwino, mwana wanga Zainabu ali ndi kakampani ka tsabola wa m'mabotolo kwathu ku Mandimba, piripiri uja wa Abiti Amadu. Abiti Amaduyo ndine. Kaphikidwe nkanga, nkhope ili pa botolopo ndi yanga, duku lake lomweli. Zilembo sinditha kuwerenga, koma mano angawa ndimawazindikira ngakhale patali.

"Ndine ndithu, mayi. Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwanji? Mukundifunsa kuti ndaswera bwanji? Khalani pomwepo, musasunthe!"

Mayiwa ndi Dona Filomena, eni ake a malowo, amuna awo ankagwira ntchito ya njanji. Analowa m'kati, kutuluka ndi katoni, kuiponya pa tebulo langa kuti phii! Mabotolo onse nkhope yanga. Koma zotsekera zatupa ngati masaya a mwana wodwala matsagwidi. Anatsegula limodzi. Psssss! Thovu mpaka pa malaya anga.

"Alendo anga atsegula m'mimba! Ena anaphonya sitima ali kuchimbudzi! Zaka zonsezi ndimagula kwa inu, lero mundiphere bizinesi?"

Ndinaviika chala, kulawa. Shii! Madzi, utoto wofiira ndi vinagiri wa m'sitolo. Mandimu mulibe. Mchere wongonunkhiza. Mafuta aja timatsekera nawo pamwamba kuti tsabola asaole, olo dontho.

"Mayi, uyu si wanga."

"Si wanu? Nanga nkhopeyi ndi ya ndani? Ya agogo anga?"

Anthu odya aja kuseka. Wina kumbuyo uko nkuti, "Agogo akudzikana okha!"

Dona Filomena anatulutsa foni, kundiika pamphuno. Akuti anaitanitsa pa intaneti monga mwa masiku onse, pa tsamba lomwe lija la kampani yathu. Ndinayang'ana. Ndine ndithu, ndikuseka, ndagwira botolo. Ndikugulitsa zoola ndili kumwetulira.

Njala inathera pomwepo. M'shapa, minibasi yobwerera ku Mandimba, sindinalankhule ndi munthu, ine amene madalaivala amandipempha kuti agogo pumaniko pang'ono timve wailesi.

Kufika kunyumba ndinamupeza Zainabu akumata mapepala pa mabotolo. Ndinaika botolo lotupa lija patsogolo pake. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anakhala pansi pa simenti.

"Iwe, ukudziwapo kanthu. Lankhula."

"Amayi, tsamba lija silili m'manja mwanga."

"Lili m'manja mwa ndani? Tsamba lake liti, la mpiru?"

"Mvetserani, amayi. Pa intaneti pali ngati pamsika. Aliyense ali ndi benchi lake, ndipo benchilo lili ndi dzina loti ogula alipeze. Dzinalo amati dominiyo. Umakalilembetsa, nkumalipira chaka ndi chaka ngati chiphaso cha pamsika. Amene analembetsayo ndiye mwini wake. Kiyi amasunga ndi iyeyo."

"Chabwino. Nanga lathuli analembetsa ndani?"

Anayamba kutolatola mapepala ake aja.

"Ndati analembetsa ndani?"

"Bambo a Amina."

Ndinakhala pansi nanenso.

Bambo a Amina ndi a Jafali, amene anali amuna ake a Zainabu. Anachokera ku Ngauma, mbali ya Itepela, kudzakhala pakhomo pathu pa chikamwini monga timachitira kuno. Munthu wodziwa za mafoni. Ndi iwo anandijambula chithunzi chija, ndi iwo anatsegula tsambalo, mpaka anthu a ku Lichinga ndi ku Nampula anayamba kuitanitsa tsabola wathu. Ukwati unatha mvula yapitayi. Zifukwa zake si za m'nyuzi, ndizisiye.

Tsiku losudzulana ankhoswe anakhala pansi. Mbali yathu alongo anga Che Bwanali, mbali yawo amalume awo a bambo a Amina. Ndipo anagawa bwino, sindinganame. Lamulo lake mukulidziwa: chomera m'nthaka ndi chomata pansi chimatsala kwa mkazi, chonyamulika cha mwamuna chimapita naye. Nyumba inatsala. Mitengo ya mandimu inatsala. Makina operera tsabola anatsala chifukwa anawamata ndi simenti. Njinga yamoto inapita, sutikesi inapita, mpaka anakangana za beseni, beseni lobooka! Dzuwa linapendeka akukambirana za beseni.

Za dzina la pa intaneti palibe anatsegula pakamwa. Ndani akanatsegula? Che Bwanali foni yawo ndi ija ya mabatani, amaimanga ndi mphira.

Ndiye imvani izi. Bambo a Amina atanyamuka, ndinaona foni yawo yatsala pa zenera, ili pa moto wa sola. Ndinati ayi, mawa anthu adzati kwa Abiti Amadu amalanda akamwini. Ndinathamanga, ine ndi mawondo angawa, opanda nsapato, mpaka kumsewu.

"Imani! Imani! Foni ya eni ake!"

Shapa imene anakwera, njinga yamoto ataimanga pamwamba, inaima. Ndinapereka pa windo ndi manja awiri, nkhope nditayang'ana kumbali monga achitira mpongozi. Ndinabwerera ndikudzitama kuti ife ndife anthu aulemu.

Nditamukumbutsa Zainabu zimenezi anaseka misozi ili m'maso. "Amayi, musadzipweteke mtima. Foniyo ikanatsala, palibe chikanasintha. Dzinalo analembetsa m'dzina lawo, pa imelo yawo. Ine ndinkaganiza kuti angolisiya life lokha."

Silinafe. Bambo a Amina anatenga mapepala omata pa mabotolo amene anatsala kwa osindikiza, anasintha nambala ya foni pa tsambalo nkuikapo yawo, nkuyamba kusakaniza zawozo m'zidebe kwawoko.

Tsono funso limene landisowetsa tulo ndi ili: zaka zonse zija bambo a Amina ali pakhomo panga, bwanji sindinafunse kuti chinthuchi chalembedwa m'dzina la ndani?

Yankho ndikulidziwa, ndipo inunso mukulidziwa. Mkamwini sitimufunsa mafunso. Ukakumana naye panjira umapatuka. Sudya naye mbale imodzi. Ndiye uyambe bwanji kuti, bambo, tandionetsani mmene mwalembera? Zainabu nayenso akuti akanafunsa zikanaoneka ngati sakuwakhulupirira amuna ake. Ulemu wathu womwewu, wabwinobwino, ndi umene unatitseka pakamwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ife tadya phula ndi njuchi zomwe.

Zainabu anafuna kuthamangira kwa adivogado, wa zamalamulo. Anamuimbira mmodzi ku Cuamba. Akuti njira ilipo, mutha kudandaula kwa amene amasunga mainawo, koma dzina la kampani yanu munalilembetsa ku boma ngati chizindikiro chanu? Sitinalembetse. Akuti ndiye zitenga nthawi. Nthawi! Pamene tsiku lililonse kwinakwake munthu akutsegula botolo lotupa, akuona nkhope yanga.

Ndinati ndipita ndekha.

Ndinakwera njinga yamoto ya hayala mpaka kwawo kwa bambo a Amina. Fumbi lake la njira ya ku Itepela, ndinafika ngati andikumba. Alongo awo anandiyalira mphasa. Ndinakhala kuyang'ana ku nkhokwe. Bambo a Amina anabwera, kukhala chapatali kumbuyo kwanga, kuyang'ana ku khola la mbuzi. Ukwati unatha koma upongozi sutha.

"Mwadzuka bwanji, bambo a Amina?"

"Ndadzuka, mayi, kaya inu. Ana ali bwanji?"

"Ali bwino. Amina waguluka dzino lakutsogolo."

"Lakumwamba kapena lakunsi?"

"Lakumwamba."

Ine ndinabwera ndi mawu otentha kuposa tsabola wanga, ndinawakonza njira yonse. Koma funso la dzino lija linandiziziritsa pang'ono.

Ndinatulutsa botolo, kuliika pambali, kulikankhira kumbuyo osatembenuka.

"Bambo, ine ndinakulakwirani chiyani kuti mundiyendetse m'matauni ndikudwalitsa anthu?"

"Inu simunandilakwire, mayi."

"Nanga?"

Apa mawu awo anasintha. Ndiwayesere mmene analankhulira, pang'onopang'ono, ngati munthu akuwerenga mabala ake.

"Mayi, njerwa za nyumba ija ndinaumba ndine. Mandimu aja ndinakatenga mbande ku Mitande pa njinga, kuthirira chilimwe chonse. Makina aja ndinagula nditagulitsa fodya wanga. Ana ndi anu, mwambo ukutero, sindikutsutsa. Ndinabwera kwanu ndi sutikesi, ndabwerera ndi sutikesi yomweyo, imvi zokha ndiye zaonjezekera. Anzanga kuno amandiseka, akuti wabwera mlendo wa ku Mandimba. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinapanga ndi mutu wanga chimene ankhoswe sanachione ndi chimenechi. Ndiye ndibwezenso?"

Anthu inu, ndinayang'ana nkhokwe ija nthawi yaitali.

Ndikanama ndikati mawuwo sanandilase. Nanenso ndili ndi ana aamuna ali pa chikamwini kwa eni. Tsiku lina adzabwera ndi sutikesi. Timakonda kunena kuti mwambo wathu umasunga mkazi ndi ana, ndipo ndi zoona, umasunga. Koma munthu amene mwamutulutsa manja ali lende, musadabwe akagwira chimene chili pafupi. Kale ankazula chitseko usiku kapena kudula nthochi. Lero akunyamula dzina, ndipo palibe galu amene amauwa.

Koma chisoni ndi china, choola ndi china.

"Bambo, zimene mwanenazo ndamva, ndipo zina nzoona. Koma amene anatsegula m'mimba ku Cuamba sanakulandeni nyumba. Ndipo dzina mukuliipitsalo ndi limene likugulira Amina makope. Mukuotcha nkhokwe imene akudyamo ana anu omwe."

Mbuzi zinalira m'khola.

"Mlandu suola," ndinatero. "Ankhoswe anasiya ntchito pakati. Akhalenso pansi."

Anavomera.

Anakhaladi pansi, kwathu, pa khonde. Kuwafotokozera Che Bwanali inali ntchito.

"Chinthucho chili kuti? Bweretsani pano tichione."

"Sichigwirika, amalume," anatero Zainabu.

"Chili m'foni?"

"Ayi, foni ndi khomo chabe."

"Nanga chili kuti?"

"Chili... m'mwamba, tinene choncho."

"He! Ndiye mwandichotsa kumunda kuti ndidzagawe mitambo?"

Amalume a bambo a Amina, munthu wochenjera ngati wogulitsa mankhwala a makoswe, anangoti, "Nkhaniyi ndi yapafupi. Kodi chinthucho chinamera m'nthaka? Ayi. Anachimata ndi simenti? Ayi. Ndiye nchonyamulika. Mwana wathu ananyamula chake."

Che Bwanali anayamba kugwedeza mutu ngati akuvomera. Ndikudziwa kuti pa ankhoswe mayi amayenera kukhala phee, koma inu mukundidziwa.

"Alongo! Musagwedeze mutu! Chinthucho chili ndi nkhope yanga ndi dzina la bambo anga Amadu. Ine ndine wonyamulika? Mundikweze pa njinga yamoto ndiye, andipititse ku Itepela!"

Anthu kuseka, ndi bambo a Amina omwe anabisa nkhope. Koma kuseka sikugamula mlandu. Anakokanakokana mpaka tiyi anazizira. Pomaliza bambo a Amina anati dzinalo abweza, koma awapatse makina operera tsabola. Akufuna ayambe zawozawo.

Zainabu anaimirira. "Makina? Ndiye ine ndizipera ndi chiyani? Mano? Munthu waba, ndiye timulipirenso?"

Ananena zoona mwana wanga. Mumtima ndinagwirizana naye. Koma ndinaganiza za adivogado uja ndi nthawi yake, ndinaganiza za mabotolo amene ali m'njira. Makina ndi chitsulo, ukagwira ntchito umagula ena. Dzina likaola, ukaligula sitolo iti? Paja nsomba ikaola imodzi, zonse zaola.

"Apatse," ndinatero. "Mtondo ulipo. Ndinayamba ndi mtondo ine makinawo asanabwere."

"Amayi, msana wanuwo?"

"Msana ndi wanga. Apatse. Koma bambo a Amina, mapepala onse a nkhope yanga abwere kuno. Mukafuna kugulitsa tsabola, mujambule mayi anu. Ndipo muzithira mandimu, chonde, musaphe anthu."

Anayala mphasa, mafoni awiri pakati. Zainabu ndi bambo a Amina anagundanitsa mitu, koyamba chisudzulirane. Uyu akuwerenga manambala amene abwera pa foni yake, uyo akulemba. Anachotsa dzina la a Jafali, kuikapo la kampani, imelo ya kampani, nambala ya Zainabu, nkusintha kiyi. Che Bwanali anasuzumira nkufunsa kuti, "Chatsika?" Tinati chatsika. Kenaka anyamata anabwera ndi nyundo kuswa simenti, makina anakwera pa ngolo.

Zainabu sanandilankhule mpaka madzulo. Pano akuti apita kukalembetsa chizindikiro chathu ku boma, atengenso maina ena oyandikana ndi lathu kuti wina asadzaike benchi pambali pathu nkumadzitcha ife. Wauzanso mng'ono wake kumene kiyi ali, kuti asakhale m'mutu umodzi. Pa tsambalo walembapo chenjezo kuti amene ali ndi mabotolo otupa ataye, atiimbire. Dona Filomena tawatumizira katoni ya tsabola weniweni. Ayankha mawu amodzi: "Tiona." Sindikuwadandaula. Amene anaphonya sitima aja sakudziwa kuti ku Mandimba ankhoswe anakhala pansi. Akudziwa nkhope yanga basi.

Ndiye ndakhala ndikuyang'ana anzanga pamsika. Amayi a gulu la uchi ku Ngauma ali ndi tsamba, anawatsegulira mphunzitsi wina amene anasamutsidwa kalekale. Mwini sitolo ya mbewu pafupi ndi malire, lake anamutsegulira mlamu wake. Wina anamutsegulira mnzake wa ku Entre Lagos amene anangokumana naye m'sitima. Ukawafunsa kuti linalembedwa m'dzina la ndani, onse yankho ndi limodzi: "Aaa, ndi munthu wabwino ameneyo."

Inde ndi wabwino. Bambo a Amina analinso abwino, ndipo mwina akadali abwino. Anthu sakhala oipa tsiku lotsegula tsamba. Tsiku limenelo mumadya limodzi, mukujambulana. Vuto limabwera pa tsiku losiyana, ndipo kusiyana kulipo kwamitundumitundu. Ukwati umatha, ubwenzi umatha, munthu amasamuka, munthu amamwalira kiyi ali m'mutu mwake.

Mbuzi timaidula khutu kuti idziwike mwini. Munda timadzala chinangwa m'malire. Njinga timasunga risiti yake m'chitini mpaka mbewa zidye. Koma dzina limene likutidyetsa timalisiya m'thumba la munthu wina chifukwa tikuchita manyazi kufunsa, kapenanso chifukwa sitiliona ndi maso. Ndipo inu ankhoswe, inu eni mbumba, dziko lasintha. Mukamagawa katundu musamathere pa beseni. Muzifunsa kuti, kodi pali china chimene chili m'mwamba?

Ine pano ndikusinja. Tsabola akulowa m'maso omwe ndinakaonetsa kuchipatalawa, msana ukulira, Zainabu akusefa ali chete. Dzina labwerera kwathu, koma talilipira ndi makina, ndipo ogula ena mwina sadzabweranso.

Inu amene muli ndi kabizinesi kanu, kaya ka uchi, kaya ka nyemba, kaya ka matabwa, ndikufunseni. Munthu amene anakutsegulirani tsamba uja mutayambana naye mawa m'mawa, dzina lanu ligona kwa ndani?